Diresi Loyera Pamsika wa Makala

Laisensi anali ataitenga kalekale, koma Lachinayi lililonse akaweruka kuntchito, Kadzuwa ankalowabe m'kagalimoto kofiira ka sukulu yophunzitsa kuyendetsa n'kukhala kuchiwongolero ngati wophunzira watsopano. Ankati kubwerera m'mbuyo kukumuvutabe. Mphunzitsi wake, yemwe tsopano anali chibwenzi chake, sankatsutsa.

Dzina loti Kadzuwa anam'patsa ndi mphunzitsiyo, atamva kuti mtsikanayo ndi injiniya wa magetsi a dzuwa kubungwe lina la zachitukuko lochokera kunja. Naye anabwezera. Tsiku loyamba la maphunziro, galimoto ikulunjika pampanda wa eni ake, mphunzitsiyo anakuwa kuti, "Pondani! Pondani, mayi!" Kadzuwa anapondadi, koma moto m'malo mwa buleki. Mpanda unagwa, dzina loti Pondani linatsala.

Koma Lachinayi limeneli Pondani sankaseka.

"Wayiwala kundikalipira," anatero Kadzuwa. "Ndakhota paja osayatsa indiketa, iwe uli duu. Wadwala?"

"Imika apo pamthunzi."

Anaimika. Pondani anayang'ana kutsogolo ngati pali ngozi imene ikubwera.

"Amayi akufuna akuone Loweruka."

Kadzuwa anawomba m'manja mpaka chigongono chinagunda hutala. "Ndiye nkhope yamaliroyo ndi yachiyani? Si ine ndakhala ndikukupempha miyezi yonseyi?"

"Anakumva pawailesi."

"Aaa, ndiye bwino! Ndinalankhula bwino, eti? Ngakhale abwana anandiyamikira."

"Unati makala ndi imfa yogulitsidwa m'matumba."

"Ndipo n'zoona."

"Amayi amagulitsa makala."

Panja munthu wanjinga anadutsa akuliza belu. Kadzuwa anachotsa manja pachiwongolero n'kuwaika pamiyendo.

"Unandiuza kuti ali ndi bizinesi pamsika."

"Si bodza."

"Koma si zoonanso zonse."

"Ndikudziwa." Pondani anapuma mozama. "Bambo atatisiya, Amayi anayamba ndi thumba limodzi. Yunifolomu yanga, fizi yanga, laisensi imene ndikudyerayi, zonse zinatuluka m'matumba amenewo. Sindichita nawo manyazi, usaganize choncho. Ndinkaopa kuti ukadziwa uyamba kusankha mawu polankhula ndi ine. Ine ndinakonda mtsikana amene sasankha mawu."

Kadzuwa anafuna kukwiya, koma mkwiyowo unasowa pogwira.

"Ndiye anati chiyani atandimva?"

"Anatseka wailesi. Kenako anati, 'Wako uja ndi ameneyu? Ali ndi mawu okoma. Ngakhale kutukwana akutukwana mokoma.'"

Kadzuwa anabisa nkhope m'manja. Pondani anam'gwira phewa, osadziwa ngati akulira kapena akuseka. Anali akuchita zonse ziwiri.

* * *

Madzulo ake, Kadzuwa ali kukhitchini kudikira madzi a tiyi awire, foni inanjenjemera. Unali uthenga wa Pondani.

"Wakwiyabe?"

"Pang'ono. Ngati tiyi wopanda shuga, womweka ndithu."

"Ndibweretse shuga?"

"Khala komweko. Ndiuze, ndivale chiyani Loweruka?"

"Chilichonse. Iwe ngakhale utavala chiguduli umawala."

"Usandinyengerere. Amayi ako amakonda chiyani?"

"Munthu wodziwa kupereka moni. Basi."

"Nanga akandithamangitsa?"

"Ndikudikirira panja injini ikulira."

Kadzuwa anaseka yekha. Kenako analemba, n'kufufuta, n'kulembanso: "Ndikuopa."

Yankho linabwera mosachedwa. "Inenso. Koma tsiku lija unagwetsa mpanda unabweranso m'mawa mwake. Amayi si oopsa kuposa mwini mpanda uja."

* * *

Lachisanu, pomwe Kadzuwa ankatsika masitepe a kuofesi, Jekete anam'pingasa. Anali mlangizi wamkulu pabungwepo, munthu wosalala nkhope, wamadigiri ake akunja, ndipo anzake anam'patsa dzinali chifukwa sankavula jekete ngakhale kutentha kukhale kowotcha nyerere. Anali atam'funsira Kadzuwa kawiri. Kukanidwa ankakuona ngati kuchedwa chabe kwa yankho loyenera.

"Mwamva kale kapena ndikhale woyamba?" anafunsa akumwetulira. "Akusankhani. Kuyambira Lolemba ndinu mtsogoleri wa pulogalamu ya kaphikidwe kopanda utsi. Abwana akuitanani nthawi ina iliyonse."

Kadzuwa anagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe. Anakumbukira zaka zimene anagwira ntchito yongodzipereka, kunyamula mabatire olemera ngati mwala, kukwera pamadenga otentha a zipatala zakumidzi kukamanga mapanelo, amuna akumuonerera pansi kudikira kuti agwe. Anakumbukira maphunziro akunja, kuzizira ndi kusungulumwa kwake. Zonsezo zinkaloza pampando umenewu.

"Zikomo pondiuza," anatero.

"Musathokoze pakamwa pokha. Tiyeni tikadye limodzi mawa. Tikambirane za kutsogolo. Mukachita bwino apa, pakatha zaka ziwiri ndi kulikulu, kunja. Njira ndikuidziwa, ndipo si njira yoyenda wekha."

"Mawa ndili ndi ulendo."

"Ndi dalaivala uja?"

"Ndi mphunzitsi."

"Pepani, mphunzitsi." Jekete anakonza kolala yake. "Sindikunyoza. Koma tsiku lina mudzakhala patebulo ndi akazembe. Iye adzakamba nawo chiyani? Za magiya?"

"Mwina. Akazembe ambiri sadziwa kubwerera m'mbuyo."

Jekete anaseka ngati wakondwa, n'kum'landa chikwama cha laputopu mwaulemu wokakamiza. Anam'perekeza mpaka pageti, pomwe kagalimoto kofiira kanali kataima.

Pondani anaona zonse. Kadzuwa atalowa, Pondani anayendetsa mpaka pamphambano yoyamba, kenako anafunsa.

"Chikwamacho chalemera liti?"

"Wachita nsanje?"

"Ine? Ayi. Ndikungomvera chisoni jeketeyo. Ikugwira ntchito yopanda tchuthi."

"Pondani, andikweza."

Anaponda buleki mwamphamvu moti wam'mbuyo analiza hutala. Anatembenuka, nkhope yonse mano okhaokha.

"Wanama! Mpando uja?"

"Womwewo."

Anam'gwira manja onse awiri n'kuwapsompsona, galimoto zam'mbuyo zikulira ngati ukwati. Koma atayambanso kuyenda, chimwemwe chija chinaphwa pang'onopang'ono. Onse awiri anakumbukira dzina la pulogalamuyo, ndi kumene ankapita mawa lake.

* * *

Kadzuwa anavala diresi loyera, lalitali bwino, lamanja. Ankaganiza kuti akupita kunyumba, kukakhala pampando wapabalaza. Koma ali m'njira foni ya Pondani inalira, ndipo atamaliza kulankhula anayang'ana diresilo mwachisoni.

"Akuti Loweruka ndi tsiku la malonda, sangatseke. Tiwapeze kumsika."

Msika wa makala unali kuseri kwa msika waukulu, kumene ngakhale nkhuku zinali zakuda. Matumba anasanjikizana kuposa msinkhu wa munthu. Fumbi linkakwera ndi phazi lililonse. Azimayi ogulitsa anasiya macheza n'kuyang'ana mlendo woyerayo kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

Amayi ake a Pondani anali atakhala pachigoba cha penti chozondotsa, akuthira makala m'zitini. Anali aafupi, ojintcha, maso akuthwa ngati a mwana wawo. Kadzuwa anawerama n'kupereka moni ndi manja awiri.

"Musandigwire, mungade," anatero mayiwo.

"Kuda kumachoka ndi sopo, Amayi."

Anam'yang'ana kanthawi, kenako anapereka dzanja. Linali lolimba ngati khungwa.

"Khalani. Mipando yathu ndi yomweyi." Analoza thumba la makala.

Pondani anayamba kuvula malaya akunja kuti ayale, koma Kadzuwa anali atakhala kale. Mayi wina wapafupi anatsokomola kubisa kuseka.

"Iwe," anatero amayi ake a Pondani kwa mwana wawo, "pita ukatigulire zakumwa. Usafulumire."

Pondani anachoka akucheukacheuka ngati munthu amene wasiya galimoto pamtsetse yopanda buleki yamanja.

"Ndiye inu ndinu a pawailesi."

"Ndine, Amayi."

"Ndimagulitsa imfa ine?"

Kadzuwa anali atakonza mayankho ambiri, onse osalala. Atayang'ana maso aja anawataya onse.

"Mawu aja ndinawalankhula, sindikana. Ndinkaganiza za utsi. Sindinaganize za amene amadzuka m'mawa kudzagulitsa. Pamenepo ndinalakwa."

"Koma za utsizo simukubweza."

"Sindingabweze, Amayi. Mayi anga ankaphikira anthu kusukulu ina yogonera konko. Khitchini inali yopanda zenera. Sanasutepo fodya moyo wawo wonse, koma adokotala ataona chifuwa chawo anafunsa kuti amasuta mapaketi angati. Anamwalira ndili fomu yachitatu. Ntchitoyi sindinailowe chifukwa cha magalimoto a bungwe ayi."

Mayiwo anatola khala limodzi n'kumalitembenuza m'manja.

"Pepani," anatero kenako, motsitsa. "Uja sanandiuze."

"Zikuoneka kuti mwana wanu ndi katswiri wosauza anthu zinthu."

Pakamwa pa mayiwo panagwedezeka pang'ono, koma anadzigwira.

"Mukuganiza kuti ine ndimakukonda kuda uku? Ndikatsokomola m'mawa chimatuluka chakuda. Ndikudziwa. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Koma inu ophunzira mukabwera mumalankhula za mitengo, za mpweya, za dziko lonse lapansi. Palibe amene amafunsa kuti makala akatha, ife tidzadya chiyani. Ndiyankheni inuyo. Tidzadya chiyani?"

"Yankho lonse ndilibe. Pali maganizo oti ogulitsa makala akhale oyamba kugulitsa mbaula zatsopano ndi gasi, koma anawalemba anthu amene sanakhalepo pathumba ngati ili. Lolemba ndikuyamba kutsogolera ntchito imeneyi. Ndikufuna inu ndi anzanu mubwere mudzatiuze pamene tikunama."

"Kuofesi kwanu? Ndi manja awa?"

"Ndi manja omwewo."

Pomwepo panafika bambo wina ndi kathumba, akufuna zitini ziwiri. Mayiwo anayamba kudzuka, koma chifuwa chinawagwira, anatsokomola mpaka misozi. Kadzuwa sanafunse. Anatenga chitini n'kuyamba kuthira makala ndi manja.

"Iii, osadzaza choncho!" anakuwa mayiwo pakati pa chifuwa. "Mundigwetsera bizinesi! Aakulu pansi, ang'ono pamwamba. Gwedezani pang'ono. Osati kwambiri!"

Msika wonse unaphulika ndi phwete. Wogula uja anati sanagulepo makala kwa mngelo, ndipo anawonjezera chitini chachitatu.

Pondani pobwera ndi mabotolo anaima chilili. Diresi lija linali ndi mizere yakuda kutsogolo ndi chidindo chachikulu kumbuyo. Pamphumi pa Kadzuwa panali chala chakuda pomwe anapukuta thukuta. Amayi ake anali akunyowetsa nsonga ya nsalu yawo m'madzi.

"Bwera kuno, mwanawe," ankatero. "Ukuoneka ngati mphaka wagwera m'phulusa." Anam'pukuta pamphumi pang'onopang'ono, monga amapukutira mwana wopita kusukulu. Kenako anatembenukira kwa Pondani. "Iwe, munthu wamasiye ngati uyu umamuyendetsa m'misewu osabwera naye kunyumba? Sabata yamawa adzadye kwathu. Ndipo adzavale zakuda."

* * *

Pobwerera Pondani anayala nyuzipepala pampando.

"Sukulu ingandidule malipiro," anatero.

"Ndiye ukundiyalira nyuzipepala ngati nsomba?"

"Nsomba yodula."

Anayenda pang'onopang'ono, mawindo otsekula. Dzuwa linali litapendeka. Kadzuwa anatsamira mutu pampando n'kutseka maso.

"Anandipukuta kumaso," anatero patapita nthawi. "Ukudziwa kuti papita zaka zingati munthu asanandipukute kumaso?"

Pondani anasintha giya, ndipo dzanja lake silinabwerere kuchiwongolero. Linapeza la Kadzuwa, lakuda m'zikhadabo.

"Manja onse pachiwongolero," ananong'ona Kadzuwa. "Unandiphunzitsa wekha."

"Lamulo limenelo ndi la ophunzira."

Atafika pageti la nyumba imene Kadzuwa ankachita lendi, Pondani anazimitsa injini.

"Jekete uja sakunama," anatero. "Tsiku lina adzakuitana kulikulu. Ndimaganizira zimenezo."

"Ndiye?"

"Ndiye ndafufuza. Kulikonse padziko kuli anthu osadziwa kuyendetsa. Ena mwina amagwetsa mipanda kuposa iwe."

"Ukutanthauza chiyani, Pondani?"

"Ndikutanthauza kuti usadzakane mpando uliwonse chifukwa cha ine. Ndipo usadzapite kulikonse popanda ine. Funso lenilenilo ndikufunsa ukasamba. Sindingagwadire munthu wooneka chonchi."

Kadzuwa anam'menya ndi nyuzipepala, kenako anam'kumbatira, n'kusiya zala zakuda pamsana pa malaya ake oyera a ntchito.

* * *

Lolemba m'mawa anam'lowetsa Kadzuwa muofesi yatsopano, ya zenera lalikulu. Anzake anam'bweretsera maluwa. Anafunsa za Jekete kuti akambirane zoitana ogulitsa makala, koma mlembi anati watuluka molawirira ndi galimoto ya bungwe, akuti kuli mwambo wina ndi akuluakulu a mzinda.

"Mwambo wanji? Ine sindikudziwa."

"Akuti anafuna kukuchititsani chidwi pa tsiku lanu loyamba."

Asanakhale n'komwe pampando, foni inalira. Anali Pondani. Kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la anthu ambiri.

"Bwera kumsika."

"Chachitika n'chiyani? Amayi ali bwino?"

"Ingobwera."

Anayendetsa yekha, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaope msewu. Atakhota kuseri kwa msika waukulu, anapeza malole awiri a khonsolo ataima pakati pa njira. Anyamata ovala maovolosi ankaponya matumba a makala m'malolemo. Azimayi ankalira, ena akukokana ndi alonda. Pamene panali milu italiitali ija panatsala mabwalo akuda pansi. Zitini zinali mbwee, zina zitapondedwa.

Pambali pake panaima galimoto yoyera ya bungwe lake. Pafupi nayo panali Jekete, atazunguliridwa ndi atolankhani, akufotokoza ndi manja kuti mzinda wayamba ulendo watsopano wa mpweya wabwino. Atamuona Kadzuwa akutsika, nkhope yake inawala.

"Eya, afika!" anakweza mawu kuti aliyense amve. "Nawa mtsogoleri wa pulogalamu yathu. Ntchito yonseyi ili m'manja mwawo. Mafunso onse apite kwa iwowa."

Makamera anatembenuka. Nawonso azimayi aja anatembenuka, ndipo Kadzuwa anaona m'maso mwawo kuti am'zindikira.

"Si uja wa diresi loyera?" anatero wina.

"Ndi yemweyo. Anakhala pathumba pomwe apa."

"Sindinadziwe," anatero Kadzuwa, koma mawu ake anamira m'phokoso la injini. Anayesa kudutsa kuti afike kumene kunali Pondani. Mtolankhani wina anam'tsekera njira ndi maikolofoni.

Amayi ake a Pondani anali atakhala pansi penipeni, pafumbi, nsalu yawo itang'ambika paphewa. Pondani anali atagwada pambali pawo, atawagwira mkono. Mayiwo sankalira. Anam'yang'ana Kadzuwa nthawi yaitali, kenako analankhula ndi mwana wawo, mokweza bwino kuti mawu afike.

"Tam'funsa mlendo wako. Dzana lija anabwera kudzaona ine, kapena anabwera kudzawerenga matumba?"

Pondani anadzutsa mutu. M'maso mwake munalibe mkwiyo, ndipo chimenecho ndicho chinam'pweteka kwambiri Kadzuwa. Ankangodikira yankho.

"Mayi," anatero mtolankhani uja akukankhira maikolofoni pafupi ndi pakamwa pake, "tili pompopompo, dziko lonse likumva. Kodi bungwe lanu likugwirizana ndi zimene zachitika panozi, inde kapena ayi?"